Chimene Chinkadya Malo pa Seva ya ku Raylton

Lolemba lina m'mawa malole asanu ndi awiri anaima pageti osatuluka, chifukwa makompyuta a mu ofesi anakana kusindikiza zikalata za katundu. Kampaniyo inkanyamula katundu kuchokera ku Bulawayo kupita kum'mwera, ndipo maofesi ake anali m'nyumba yakale ya njerwa zofiira chakumapeto kwa Raylton, moyang'anizana ndi mpanda wa njanji. Madalaivala anali atayamba kale kuliza mahutala pamene Tikondwe Chirwa analowa m'kachipinda kozizira ka kumapeto kwa khonde, momwe munkakhala seva, kompyuta yaikulu yomwe makompyuta onse a mu ofesi ankadalira.

Makina onse a pakampanipo ankayang'aniridwa ndi iyeyo. Sevayo inali ya Unix, yakale ndithu, koma inali isanamuchititsepo manyazi. Vuto analiona asanakhale n'komwe pampando: ruti inali itadzaza. Ruti ndi gawo la diski pomwe pamakhala zonse zoyendetsera makinawo, ndipo ikadzaza palibe chimene chimalembeka, ngakhale kachikalata ka lole imodzi.

Kudzazako sikunali kwachilendo. Chachilendo chinali chakuti atafunsa makinawo kuti malo atsala ochuluka bwanji, anayankha kuti palibiretu. Koma atawauza kuti aphatikize kukula kwa mafayilo onse, imodzi ndi imodzi, sizinafike ngakhale theka. Theka linalo linali litagwidwa ndi chinthu chopanda dzina. Anabwereza kawiri, yankho n'kukhala lomwelo. Pomva mahutala aja akukulirakulira, anazimitsa seva n'kuiyatsanso, ndipo malo onse osowa aja anabwerera okha ngati sanachokepo.

Mayi Sithembile Moyo, bwana wa pamalopo, anaima pakhomo la kachipindako.

"Sisi Tiko, izi zisachitikenso," anatero m'Chindebele chosakaniza ndi Chingerezi, monga ankalankhulira nthawi zonse. "Chofunika n'chiyani?"

"Ndikulitse ruti, ndiwonjezere malo. Koma ndi ntchito yogwira ofesi ikatseka, pamene palibe amene akulemba kanthu."

"Yebo. Itanani Zaid adzakuthandizeni."

Zaid anali katswiri wa kukampani ina yomwe inkawagulitsa zipangizo. Anali bambo wa ana atatu, wamagalasi, wobadwira mu Bulawayo momwemo ngakhale agogo ake anachokera ku Mangochi. Chichewa ankachimva bwino, koma pochilankhula chinkamuterera, n'kumachigwira ndi Chindebele.

Madzulo a tsikulo ku Mzilikazi, m'kanyumba ka zipinda ziwiri komwe ankachita lendi, Tikondwe anafotokozera mwamuna wake za malo osowawo. Lyton anamvetsera akumasula foni ya kasitomala patebulo. Seva ija anaimanga ndi iyeyo zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, Tikondwe akadali kalaliki wa pakampanipo, ndipo ndi iyenso amene anamuphunzitsa za makinawo, patebulo lomwelo. Kenako Lyton anakangana ndi bwana wakale n'kuchotsedwa ntchito, ndipo pampando wake anaikapo mkazi wakeyo. Kuchokera nthawi imeneyo ankakonza mafoni pakashopu kena m'tauni, ndipo nkhani ya seva ikayamba panyumba, nkhope yake inkakhala ya munthu amene akumva za mwana wake woleredwa ndi ena.

"Ukagwira wekha?" anafunsa.

"Ndi a Zaid."

"Wamagalasi uja."

"Eya."

"Kukulitsa ruti n'kofuna anthu awiri? Ine ndinkachita ndekha."

"Anena ndi Mayi Moyo, bambo a Hannah. Pakalakwika kanthu pazikhala mboni."

"Mboni," anatero Lyton, osadzutsa mutu. "Chabwino."

Lachitatu ofesi itatseka, nyumba yonse inatsala ndi anthu atatu: Tikondwe, Zaid, ndi a Laston, alonda okalamba amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi Tikondwe asanabadwe. Kachipinda ka seva kanalibe zenera. Phokoso linali la timafani ta makina basi, long'ung'udza mosalekeza, ndipo nthawi ndi nthawi pansi pankanjenjemera mabogi a sitima akamagundana kuseri kwa mpanda.

Anayamba ndi kukopera zonse zofunika pa diski ina, kuti zikavuta asataye kanthu. Kenako Tikondwe anatenga magigabayiti makumi anayi omwe anali asanagwiritsidwepo ntchito, n'kuwalumikiza ku ruti, n'kuuza makinawo kuti atambasukire m'malo atsopanowo. Manambala anayamba kukwera pang'onopang'ono pasikirini. Panalibe chochita koma kudikira, ndipo Zaid anayamba kusimba mmene tsiku lina, pamaliro a mnansi wa agogo ake, anagwirira chanza anamfedwa onse n'kumati "zikomo kwambiri" pofuna kunena kuti "pepani". Tikondwe anaseka mpaka kupukuta misozi.

Pakati pa kusekako Zaid analeka kulankhula. Analoza kutsogolo kwa seva.

"Khangela, sisi. Taonani kanyali kobiriwirako."

Kanali kanyali ka diski, kamene kamaphethira makina akamalemba. Ntchito yokulitsa inali itatha, ndipo kanyaliko kanali kozima monga kankayenera kukhalira.

"Palibe kanthu," anatero Tikondwe. Mawuwo akutuluka m'kamwa, kanyaliko kanaphethira mofulumira, n'kuleka.

Anakhala chete onse awiri. Kanyali nakonso kanangokhala. Zaid anatsokomola dala. Kanaphethira kawiri.

"Angazi," ananong'ona Zaid. "Sindidziwa, sisi. Kaya ikutimva ife?"

"Makina samva," anayankha Tikondwe, ndipo anazindikira kuti nayenso wanong'ona.

Atafika kunyumba anapeza Hannah, mwana wawo wa zaka zisanu, atagona. Analowa kuchipinda mwakachetechete osayatsa nyali.

"Zatheka?" Mawu a Lyton anachokera mumdima, opanda tulo m'kati mwake.

"Zatheka."

"Munali ndi zoseketsa zambiri."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Palibe. Nkhope yako ikuoneka ya munthu amene waseka."

Tikondwe anagona chotembenukira kukhoma. Tulo tisanamubwerere, anakumbukira kuti m'chipindamo munali mdima woti ngakhale dzanja lako sungalione.

M'masiku otsatira, malo atsopano aja anayamba kutha. Tikondwe anaika kope pambali pa seva n'kumalemba m'mawa ndi madzulo. Loweruka ndi Lamlungu, pamene m'kachipindamo simunalowe munthu, palibe chimene chinasowa. Lolemba, atakhalamo maola atatu, magigabayiti asanu ndi limodzi anapita. Anagwiritsa ntchito pulogalamu yomwe imaonetsa mafayilo onse amene makina awatsegula, ngakhale obisika, ndipo inamuuza kuti palibe chachilendo. Anayamba kumatsalira anzake akaweruka, atakhala yekha kutsogolo kwa sikirini, kudikira kuti achigwire chinthucho chili m'kati modya. Kanyali kaja kankamuyembekeza. Akasuntha mpando, kankaphethira. Akausa moyo, kankaphethira.

Nkhani inafalikira m'maofesi. Makalaliki ankati m'sevamo muli tokoloshi. Madalaivala ankati ndi kampani yopikisana nayo yatumiza mankhwala. Wina anati nyumbayo kale inali mosungiramo zipangizo za njanji, ndipo kalaliki wina anafera m'kachipinda komweko, thupi lake n'kupezeka patapita masiku atatu. Palibe amene ankadziwa dzina la kalalikiyo, komabe mayi wokolopa anasiya kufika kumapeto kwa khonde.

Lachiwiri, Tikondwe akutuluka pageti, a Laston anamuimika.

"Mwana wanga, za tokoloshi anthu akunenazi ine ndilibe nazo kanthu. Kwathu timati ndondocha, ndipo sindinamvepo ndondocha yolowa m'magetsi. Koma pali china." Anatsitsa mawu. "Masiku amene mumatsalira kunoku, pamtengo uwo tsidya la msewu pamaima munthu."

Tikondwe anayang'ana. Unali mtengo waukulu wotsamira mpanda wa njanji, pomwe kuwala kwa nyali ya pageti sikunkafika.

"Amachita chiyani?"

"Amangoima. Ndikamuunikira tochi amazungulira kuseri kwa thunthu. Dzulo ndinamukuwira m'Chindebele, kenako m'Chilapalapa, sanayankhe. Inu mukangotsala pang'ono kutuluka, iye palibe."

Kunyumba anafuna kumuuza Lyton, koma mawu anamukanika, chifukwa Lyton anali atasanduka munthu wovuta kumuyamba nkhani. Anali ataonda. Tikondwe akavula juzi, ankaitenga kuti akaikoleke, n'kuchedwa nayo m'manja. Anafunsa za mpango watsopano, kuti unagulidwa kuti, tsiku liti, anali ndi ndani. Chakum'banda kucha Tikondwe ankadzidzimuka n'kupeza malo a mwamuna wake ali ozizira; iye ali patebulo la pabalaza, timahedifoni m'makutu, maso ali gwa pafoni. Akamufunsa ankati akuyesa foni ya kasitomala.

"Zaid akazi ake amawasiya okha usiku chonchi?" anafunsa tsiku lina akudya.

"Sindinawafunse."

"Mumakambirana zambiri. Ndimayesa unafunsa."

Pofika Lachisanu ruti inali itatsala pang'ono kudzazanso. Mayi Moyo sanakweze mawu, koma ananena poyera kuti malole akadzaimanso pageti adzaitana anthu a ku Harare kudzaona makinawo, ndi kudzaonanso ngati amene akuwayang'anira akuwadziwadi. Zaid anabweretsa diski yatsopano yaikulu, ndipo anagwirizana zoilumikiza usiku womwewo.

Anali atangoimanga diskiyo m'malo mwake pamene magetsi anazima. Seva sinazime, chifukwa inali ndi mabatire ake, omwe anayamba kulira kamawu kakang'ono, kamodzi pa masekondi angapo. Panja a Laston ankalimbana ndi jeneleta. Inkatsokomola n'kuleka, kutsokomola n'kuleka. Sikirini inali pa waya wa kukhoma, choncho inazima limodzi ndi nyali. Mdima wa m'chipinda chopanda zenera ndi wolemera, umakhala ngati wakugwira kumaso. Tikondwe ankamva kupuma kwa Zaid chakumanzere kwake, ndi mabogi akugundana patali.

Ali m'kati mofufuza foni m'thumba, anaona kadontho kofiira. Kanali m'mwamba, pamwamba pa kabati ya seva, kuseri kwa mulu wa mawaya akale. Kanali kochepa ngati mutu wa singano, kosatheka kukaona nyali zikuyaka.

"A Zaid," ananong'ona. "Kwezani maso."

Kanyali kobiriwira ka diski kanaphethira pansipo, ndipo kofiira kaja kanangoyang'anabe.

Jeneleta italira, Zaid anakwera pampando n'kukankha mawayawo. Kuseri kwake kunali kakamera kakale ka pakompyuta, kodzaza fumbi paliponse kupatula pagalasi pake. Pamenepo panali popukuta bwino. Waya wake unkatsikira kumbuyo kwa kabati n'kulowa m'seva.

"Musakazule," anatero Tikondwe. "Muli ndi pulogalamu yofufuzira ija pa fulashi yanu? Ya m'makinamu sindikuikhulupiriranso."

Ya pa fulashi ya Zaid inaonetsa zimene ya m'sevamo inkabisa. Munthu wina anali atasintha ya m'sevayo kuti izinena bodza. Panali kapulogalamu kamene kankadzuka kakangomva mawu kapena kuona kanthu kakusuntha, n'kulemba zithunzi ndi mawu m'fayilo imodzi yaikulu. Fayiloyo dzina lake linali litafufutidwa dala, kotero pamndandanda sinkaoneka, koma malo inkawagwirabe, n'kumatupa tsiku ndi tsiku. Tikondwe anaikopera pambali n'kuitsegula.

Anadziona yekha kuchokera m'mwamba. Anaona pakati pa mutu wake, mapewa ake, dzanja lake likukanda kumbuyo kwa khosi. Anadzimva akuseka za maliro aja. Anadumphitsa kutsogolo: anali yekha, akudya buledi pamwamba pa kope lake. Kutsogolonso: anali atavula nsapato, mapazi pampando wina, akuimba motsitsa nyimbo ya kwaya imene ankaimba ali mtsikana ku Kasungu, n'kutsokomola pakati pake. Kutsogolonso: anali atagwira nkhope m'manja, akupemphera kuti ntchito isamuthere.

Zaid anachotsa maso pasikirini.

"Ngubani, sisi? Ndani angachite izi?"

Tikondwe anafunsa makinawo kuti kapulogalamuko ndi ka ndani. Anayankha ndi dzina lolowera la zilembo ziwiri, l ndi c, lomwe linapangidwa tsiku limene sevayo inayatsidwa koyamba. Anafunsanso kuti mwini dzinalo analowa liti komaliza. Makinawo anati analowa usiku womwewo, kudzera pafoni, ndipo sanatuluke.

"Akutiona panopa," anatero Zaid, mawu ake osamveka bwino.

Tikondwe anaimirira. Anayenda mpaka pansi pa kabati ija n'kukweza nkhope, kuyang'ana m'kagalasi kopukutidwa bwino kaja.

"Bambo a Hannah," anatero, "mwana mwamusiya ndi ndani?"

Kanyali kobiriwira kanaphethira n'kuleka. Patapita kanthawi, pasikirini dzina lija linasowa pamndandanda wa amene alowa. Posakhalitsa a Laston anagogoda pachitseko, tochi m'manja.

"Munthu uja wachoka," anatero. "Lero wathamanga. Walowera cha ku tauni."

Tikondwe anakhalanso pampando. Anazimitsa kapulogalamu kaja, ndipo malo onse osowa anabwerera pomwepo. Anafufuta dzina la zilembo ziwiri lija, anasintha mapasiwedi onse, anazula kakamera n'kukaika m'chikwama chake. Diski yatsopano anailumikizabe ku ruti, popeza inali itagulidwa kale, ndipo anadikira mpaka manambala onse atakhala m'malo mwake. Zaid anamuyang'ana akugwira ntchito.

"Ine sindiuza munthu," anatero pomaliza.

"Mayi Moyo ndiwauza ndekha mawa. Makina ndi awo."

Anafika ku Mzilikazi tambala woyamba asanalire. Hannah anali mtulo, yekha m'chipinda, chitseko chokhoma ndi kunja monga anasiyidwira. Lyton anali patebulo la pabalaza atavala nsapato, fumbi lofiira mpaka m'maondo a buluku. Tikondwe anatulutsa kakamera n'kukaika pakati pa tebulo.

"Munayamba liti?"

"Tsiku limene Zaid anabwera kudzasintha mabatire. Mwezi watha. Ndinalowa Lamlungu, kiyi wanga wakale akutsegulabe chitseko cha kumbuyo."

"Ndipo masiku onsewa mwana mumamukhomera yekha."



"Mwaona chiyani?" anafunsa Tikondwe. "Mwezi wathunthu. Nenani chimene mwaona."

"Palibe."

"Palibe."

"Zaid sanakugwire ngakhale dzanja. Ndabwereza zonse, zina katatu." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndikanapeza kanthu bwenzi ndili bwino, Tiko. Ndikanadziwa choti ndikwiyire."

"Nanga mutaona kuti palibe, munalekeranji kusiya?"

Lyton anayang'ana kakamera kaja kwa nthawi yaitali.

"Kumeneko umaimba," anatero. "Kuno unasiya kale kuimba. Kumeneko umaseka mpaka misozi. Umalankhula ndi makina aja ngati anabadwira m'manja mwako. Tsiku lina Zaid anakufunsa kuti anaimanga ndani seva imeneyi, kuti anaimanga bwino. Ukukumbukira zimene unayankha?"

Tikondwe ankakumbukira.

"Unati, munthu wina amene anali pano kale." Mawu ake anali osalala, opanda mkwiyo, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa Tikondwe kuposa zonse za usikuwo. "Mwezi wathunthu ndakhala ndikumvetsera. Dzina langa sunalitchule ngakhale kamodzi."

Kutacha Tikondwe analongedza zovala zake ndi za mwana m'zikwama ziwiri, n'kupita kwa azakhali ake ku Thorngrove. Lyton sanamuletse, anawanyamulira chikwama chimodzi mpaka pokwerera kombi. Mayi Moyo atamva zonse anasinthitsa maloko a nyumba yonse tsiku lomwelo, ndipo atalingalira kwa masiku awiri anamuuza Tikondwe kuti ntchito yake ilipobe, koma kupolisi sapita pokhapokha iye mwini atafuna. Tikondwe sanafune. Ankhoswe a mbali zonse anakumana kawiri, nkhani sinathe, ndipo anagwirizana zodikira.

Patapita miyezi iwiri, mayi wa nyumba yoyandikana ndi kwawo kuja anakumana ndi Tikondwe pamsika. Atapatsana moni, mayiyo anamugwira pamkono n'kumwetulira.

"Ndiye mwabwererana, eti? Tinasangalala. Koma bwanji simutulukako masana kudzationa?"

"Sindinapondeko ku Mzilikazi chichokereni," anayankha Tikondwe.

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Mayiyo anasiya mkono wake.

"Nanga amene amaimba m'nyumbamo ndani? Usiku uliwonse, nyali zili zozima. Mawu ndi anu ndithu, mayi a Hannah, sindingawasokoneze. Nyimbo ya kwaya, imodzi yomweyo. Ikafika pakati mumatsokomola, kenako mumayambiranso poyamba, mpaka kucha."